Chaka Chimene Alamu Anga Anaonda

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba muno. Munazimva kokwanira, ndipo amayi anu amati mtunda wopita kusukulu kwathu umatalikirako nthawi iliyonse ndikamaufotokoza. Mutu uno ndi wa ntchito yanga ya chipatala, makamaka nkhani ya a Lameki, amuna awo a azakhali anu Nambewe, imene mwakhala mukuimva m'zidutswazidutswa pamaliro ndi pamaukwati. Akuluakulu a inu mukuwakumbukira, bambo wathupi uja ankabwera ndi makeke m'chitini. Ndafuna muimve kwa ine, poti amene anagwira cholembera pa nkhani imeneyi ndine.

1978 mpaka 1993

Ntchito ndinayambira pa kachipatala kena ka kumudzi, kupitirira Khombedza, ndili medikolo asisitanti wongotuluka kumene kusukulu. Bwana wanga woyamba anali mdala wa ku Ntcheu wosaseka ndi munthu. Tsiku loyamba anandiponyera buku la malangizo a kaperekedwe ka mankhwala, lakuda ndi thukuta la m'manja, nati, "Mnyamata, nzeru zako uzizisiya panja pamodzi ndi njinga. Muno timayendera buku. Ukatsata buku wodwala n'kumwalira, wamutenga ndi Mulungu. Ukasiya buku wodwala n'kumwalira, wamupha ndiwe." Ine ndinabadwa wamantha kale. Amayi anu amati ndikasowa chodera nkhawa ndimakabwereka kwa aneba. Choncho mawu a mdala uja anapeza malo okonzakonza mumtima mwanga. Zosowa zinali zambiri. Majakisoni tinkawiritsa pa pulayimasi mpaka singano kubuntha, magolovesi tinkachapa n'kuyanika pachingwe, ndipo mvula ikadula msewu tinkatha milungu tikugawa panado ndi mawu achitonthozo basi. Komabe mtima unkakhala m'malo, chifukwa chochita chinali cholembedwa, ndipo wotsutsa panalibe. Masiku amenewo bwana akalankhula, iwe kwako kunali kunena kuti "inde bwana", poti ngakhale makoma tinkawaopa.

Nditakaphunziranso ku Lilongwe n'kukhala kiliniko ofesala, ananditumiza paboma ku Salima. Kumeneko ndi kumene ndinaonera matenda a Edzi akuyamba kudzaza mawodi. Dzina lake sitinkalitchula. Ena ankati kaliwondewonde, ena matenda a boma, ife achipatala tinkangoti "omwewa". Mankhwala otalikitsa moyo amene mukuwadziwa inuwa kunalibe. Munthu ankaonda, n'kuonda, n'kupita. Anthu anaphunzira kuyezana ndi maso. Mnzako ukakumana naye kudepoti ankayamba wayang'ana khosi la malaya ako ndi mabowo a lamba, moni pambuyo. Ine amene ndakhala thabwa chibadwire ndinapulumuka, chifukwa aliyense ankadziwa kuti ndilibe choti n'kuondapo.

1994 ndi 1995

Chaka cha chisankho cha zipani zambiri ndinachoka m'boma n'kukalowa ntchito pa chipatala chaching'ono cha mpingo kufupi ndi Senga Bay. Odwala athu ambiri anali ogwira ntchito m'mahotela ndi m'maloji, asodzi, ndi alimi a kumtunda. Ufulu unali utangofika kumene ndipo aliyense ankafuna kuulawa. Msonkhano wa m'mawa, umene kale unkatha tiyi asanazizire, unasanduka nyumba ya malamulo. Ngakhale wokolopa ankaimika dzanja kuti, "Masiku ano ndi demokalase, nanenso ndinenepo." Mankhwala okha ndi amene sanamve za ufuluwo. Fansida wa malungo ankatithera mwezi uli pakati, ndipo amayi ankabwerera ndi ana otentha thupi atangopatsidwa kapepala koti akagule kugolosale.

Mabwana anga anali awiri. Dokotala Mwale ankachokera ku Lilongwe nthawi ndi nthawi kudzayang'anira ntchito yathu, munthu wa imvi, wofatsa, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu amachita kugula. Enawo anali Dokotala Marita, mayi wachitsikana wa ku Ulaya amene anadzipereka kudzatithandiza kwa chaka chimodzi. Dzina lawo lenileni linkatipinda lilime, ndiye amayi a kusikelo anawapatsa limenelo. Anali akhama, Chichewa anachigwira msanga, ndipo anabwera ndi makatoni a zinthu zimene anzawo a kumpingo kwawo anasonkha. M'katoni ina munali kamakina koyezera mafuta a m'magazi, amene asukulu amati kolesitero, ndi mapiritsi otsitsa mafutawo, otchedwa sitatini. Ine ndinali nditangowerengapo za mapiritsiwo, kuwaona ndi maso ayi. Tinaika katoniyo pamwamba pa kabati ku famase, poti sitinkaganiza kuti pangapezeke woifuna.

A Lameki anali khukhi wamkulu pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja. Anayamba ndi kutsuka mbale, n'kukwera, mpaka anthu a ku Lilongwe ankayendetsa galimoto Loweruka kudzangodya chambo chawo cha batala ndi kirimu. Chilichonse chotuluka m'khitchini ankayamba alawa, ndipo thupi linkachitira umboni. Epuloni yawo inkachita kusoketsedwa mwapadera, ndipo alendo ankakonda kujambulitsa nawo. Monga mwa chilamu, ine ndi iwo tinkanyozana tikangoonana. "Alamu," ankatero, "mwera ukayamba muziika miyala m'thumba, mungatiulukire." Ine ndinkabweza kuti tsiku lina adzatitimira mumchenga ndipo tidzachita kubwereka thirakitala. Iwo ankaseka mpaka mimba kugwedezeka, n'kunena kuti, "Khukhi woonda ndani angadye zake?"

Tsiku lina anabwera kuchipatala osaseka. Anati akamachokera kugombe kogula nsomba, pokwera kamtunda ka mchenga pachifuwa pankawathina ngati wina wawakhalira, mpaka aime kaye. Ine mbiri ya kwawo ndinkaidziwa. Bambo awo anagwa m'munda khasu lili m'manja, mkulu wawo anagwa panjinga, onse osadwala ngakhale mutu. Magazi anali akuthamanga kwambiri. Ndinaitana Dokotala Marita, ndipo anawabaya chala n'kudontheza magazi pa kamakina kaja. Ataona zimene kanaonetsa anayezanso, poganiza kuti kalakwitsa. Sikanalakwitse. Ine m'maganizo ndinaona mlongo wanga atavala zakuda.

Nkhaniyi inakafika pamsonkhano wa m'mawa tsiku limene Dokotala Mwale anabwera. Dokotala Marita anayamba ataimirira. "Bambo awa mitsempha ya mtima ikutsekeka. Mankhwala tili nawo, ali pamwamba pa kabati akudya fumbi. Tikudikira chiyani? Kuti ayambe agwa?"

Dokotala Mwale anakoka buku la malangizo, n'kumatsegula masamba ake mosafulumira. "Muno mulibe," anatero. "Sindikunena kuti bukuli ndi Baibulo. Koma amene analilemba ankadziwa kuti pano chiwindi sitingathe kuyeza, pamene mankhwala amenewa amafuna kuti uziyang'anira chiwindi. Ena amawapweteketsa minofu. Bambowa akadzabwera thupi likuphwanya, a Mbewe, kiliniko ofesala wathuyu, adzati ndi malungo kapena ndi mapiritsi? Nanga katoni ikatha? Awa si mankhwala a sabata imodzi, ndi a moyo wonse, ndipo ku Lilongwe khukhi sangawafike. Apatseni asipirini ndi mankhwala a kuthamanga magazi, zimene zili m'buku. Ndiponso ndamva kuti kwanu komweko madokotala simunagwirizane kuti oyenera kumwa ndani."

"N'zoona, tikukanganabe," Dokotala Marita anavomera. "Ena akuti tizipatsa okhawo amene mtima unawagwetsapo kale, ena akuti tisadikire zimenezo. Koma munthu ngati uyu, wopweteka pachifuwa, bambo ake ndi mkulu wake atapita chomwecho, ine sindingamusiye. Buku lanu linalembedwa ngati kuti Mmalawi amafa ndi malungo okha. Katoni isanathe ndilembera anzanga atumize ina."

Sisitere wathu wamkulu, amene ankawakonda Dokotala Marita, anaponyapo mawu: "Paja mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, adokotala."

"Eya, sisitere," anayankha Dokotala Mwale osadzutsa mutu, "koma mlendo ndi mamenso."

Dokotala Marita mwambiwo sanaumve, koma kuseka anakumva, ndipo nkhope yawo inafiira. Anakokanakokana mpaka odwala anayamba kugogoda pawindo. Pa chinthu chimodzi chokha ndi pamene anagwirizana osataya ndi mphindi yomwe: a Lameki achepetse thupi. Asiye batala, mafuta ndi nyama yonona, ayambe kuyenda pansi. Onse awiri anagwedeza mitu, inenso ndinagwedeza, sisitere n'kulemba. Panalibe ndi mmodzi yemwe m'chipinda chija amene anaonapo choopsa.

Za mapiritsi, Dokotala Mwale anatseka buku nati, "Ine sindiletsa, masiku oletsa anatha. Koma dzina langa lisaoneke papepalapo." Dokotala Marita anati iwo akanatha kulemba, koma poti akupita kwawo chaka chikatha, kunali bwino alembe munthu amene adzatsale ndi wodwalayo. Onse anatembenukira kwa ine. Zaka zonse zija ndinkadandaula chamumtima kuti mabwana satifunsa maganizo. Tsiku limenelo anandifunsa, ndipo ndinalakalaka mdala wa ku Ntcheu uja atadzuka kudzandilamula.

Sabata yonse chakudya sichinkalowa. Kulemba ndinkaopa, kusalemba ndinkaopanso. Ndikaganiza zolemba, ndinkaona alamu anga maso ali chikasu, chiwindi chitawonongeka, anthu akunena kuti mlamu wawo anawayeserera mankhwala a azungu. Ndikaganiza zosiya, ndinkawaona ali gada pamchenga, dengu la nsomba litatayika, katoni ili phee pamwamba pa kabati. Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinapita kwawo, ndipo tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Ndinawafotokozera zonse, za buku, za chiwindi, za katoni, osabisa kuti madokotala asiyana maganizo. Anamvetsera akupeputsa nkhope ndi chipewa.

"Alamu, zonsezo n'za inu asukulu," anatero. "Ine ndingofunsa chimodzi. Inu mukanakhala ine, mukanamwa?"

"Ndikanamwa," ndinayankha. Mawuwo anatuluka ndisanawaganize.

"Ndiye lembani. Ana anga akadali aang'ono."

Lolemba m'mawa ndinalemba, ndipo pansi pake ndinasaina dzina langa ndekha.

1996

A Lameki anali wodwala amene wachipatala aliyense amamulota. Piritsi sankadumphitsa. Chambo chawo anayamba kudya chowiritsa, msuzi wa alendo ankangolawa kunsonga kwa supuni, ndipo galimoto ya paloji ikawaimira ankaikana kuti ayende pansi. Ine mwezi uliwonse ndinkawatsegula zikope kuyang'ana chikasu, n'kuwafinya akatumba kufunsa ngati akupweteka, mpaka anayamba kunditchula kuti wogula mbuzi. Chikasu sichinabwere, minofu sinapweteke. Mafuta pa kamakina anatsika, kamtunda ka mchenga anayamba kukwera osaima, ndipo thupi linayamba kuchoka. Tsiku lina anandionetsa lamba ataboolapo mabowo atsopano ndi msomali, tonse n'kuseka. Kwa miyezi ingapo ndinayenda ngati munthu amene watula mtolo, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina buku silidziwa zonse.

M'mawa wina ndikuitana odwala, amene analowa anali Nambewe. Anali atakhala pamzere ngati munthu wamba, osatumiza mawu kuti mlongo wanu ali panja. Anatseka chitseko, n'kukhala kunsonga kwa benchi.

"Achimwene, mukundibisira chiyani?"

Ndinafunsa kuti za chiyani.

"Ine ndi inu tinayamwa bere limodzi. Ngati bambo a kunyumba ali ndi omwewa, ndiuzeni ndidziwe pokonzekera. Munthu akutha ndikumuona. Zingwe za epuloni akuzunguliza kawiri. Tsiku lililonse piritsi, piritsi lake losadziwika ndi dzina lomwe, lochokera kwa mzungu. Azimayi a kumvano ayamba kundipatsa moni wogwira paphewa. Mandasi anga ndikubwerera nawo, amene ankagula akungodutsa. Inu mukuti ndi mafuta. Mafuta anaphapo ndani kuno?"

Ine amene ndinakhala zaka zonse zija m'mawodi a anthu oonda, ine amene ndinkadziwa mmene anthu ankayang'anira khosi la malaya, zimenezi sizinandibwerere m'mutu ngakhale kamodzi. Tonse tinali maso pa chiwindi. Ndinamufotokozera mlongo wanga, ndinajambula mtima ndi mitsempha papepala, ndinalumbira pa manda a amayi athu. Anamvetsera, koma potuluka anati, "Ngakhale zikanakhala zimenezo, achimwene, si mukanandiuza chomwechi?" Zinali zoona kuti mabanja ambiri tinkawauza mawu ozungulira.

Sipanapite nthawi, manijala wa paloji anawachotsa a Lameki m'khitchini n'kuwaika kositolo, kowerenga matumba a mpunga. Anati n'kuti apumeko. Mawetala anali ataona mapiritsi m'thumba la malaya, ndipo alendo akale anali atayamba kufunsa chapansipansi kuti khukhi uja watani. Ndi chilolezo cha alamu anga ndinapita kukaonana ndi manijalayo. Anandilandira bwino, anandipatsa ndi fanta yemwe. "Adokotala, ine ndikukukhulupirirani," anatero. "Koma mlendo sawerenga mapepala a chipatala. Amasuzumira m'khitchini, n'kuona amene akugwira chakudya chake. Thupi la a Lameki likabwerera mwakale, khitchini ndi yawo."

Ndinawapempha a Lameki kuti tipite paboma akayezetse magazi, anthu aone pepala. Anakana. "Ndikangoima pakhomo limene lija, ndiye kuti ndavomera. Ndipo pepala lobwera ndi mlamu wanga ndani angalikhulupirire?" Kenako anayang'ana kumbali n'kunena motsitsa mawu kuti, "Komanso alamu, ine ndakhala m'mahotela zaka zambiri, sindinali mngelo. Nanga akakapeza kanthu?" Apo ndinadziwa kuti kuondako kwayamba kuwaopsa eni ake omwe. Ankadziyang'ana pagalasi ndi maso omwe aja anthu ankawayang'ana nawo.

Tsiku la mwezi wotsatira loti adzatenge mapiritsi anabwera ndithu, koma m'malo motenga anatulutsa otsala n'kuwaika patebulo panga.

"Ndabweza katundu wanu, alamu."

Ndinawachonderera. Ndinati chabwino, idyani mmene mukufunira, thupi libwerere, koma piritsi lokha muzimwa, chifukwa si piritsi limene laondetsa. Anapukusa mutu. Anati kunyumba Nambewe amakhulupirira kuti ndi mapiritsiwo, kuntchito mawetala amawasecha ndi maso, ndipo akangopezeka nalo limodzi nkhani idzayambiranso. Ndinawakumbutsa za bambo awo ndi mkulu wawo. Ndinakweza mawu, chinthu chimene sindinachitepo kwa wodwala, ndipo ndinawafunsa ngati akufuna kufa chifukwa cha pakamwa pa anthu.

"Alamu," anatero modekha, "mtima wanga palibe amauona. Khosi langa aliyense akuliona. Mwana wanga wamkazi anzake asiya kudya naye kusukulu. Inu mukuopa kuti ndidzafa. Ine andiika kale m'manda ndikuyenda."

Atatero anayamba ntchito yonenepa, ndipo anaigwira ndi khama lomwe lija anagwirira yoonda. M'mawa mazira okazinga ndi buledi wopaka majarini mbali zonse, masana nyama yonona, mkaka wothira shuga mpaka supuni kuima. Sankadyera m'nyumba ayi. Tsiku lopuma ankakwera minibasi kupita paboma, n'kukaima pachiwaya cha kudepoti pamene anthu a ku Senga Bay amadikirira galimoto, n'kumaitanitsa tchipisi ndi mang'ina mokweza mawu kuti aliyense amve. Ine ndinawapezapo kamodzi. Mafuta anali akutsika m'zigongono, thukuta lili kamukamu, ndipo anandikodola kuti, "Bwerani alamu, mudyeko, mwina mungaoneke ngati munthu!" Anthu anaseka. Ine ndinaseka nawo mano okha, chifukwa ndinaona kuti dzanja lawo lamanzere linali pachifuwa.

Nkhaniyi nditaifotokoza pamsonkhano wa m'mawa, Dokotala Marita anapsa mtima. Anati apita okha kutchalitchi ndi kuloji akauze anthu kuti bambowa alibe Edzi. Sisitere anawagwira mkono nati, "Mukakatchula dzina limenelo pagulu pamodzi ndi dzina lawo, mwawamaliza." Dokotala Marita anakhala pansi misozi ili m'maso. Ine ndinkayembekeza kuti Dokotala Mwale anena kuti paja ndinanena. Sanatero. Anavula magalasi, kenako anati, "Ine ndinalimbana ndi mapiritsi. Zoti aonde ndinavomereza ndine, ndipo ndinavomereza msanga kuposa nonse." Tsiku limenelo panalibe woimika dzanja. Chaka chawo chitatha Dokotala Marita anapita kwawo, ndipo katoni yachiwiri imene analonjeza inafikadi, koma womwa panalibe.

1997

Thupi linabwerera, mwinanso kuposa kale. Manijala anasunga mawu ake, a Lameki anabwerera m'khitchini, alendo anayambanso kujambulitsa nawo. Azimayi a kumvano ankamuuza Nambewe kuti Mulungu ndi wamkulu, mapemphero ayankhidwa. Aliyense anali wokondwa kupatula ine. Ndinkati ndikamva galimoto ikulowa pageti mothamanga, cholembera chinkagwa m'manja. Mankhwala a kuthamanga magazi ndinkawapititsa ndekha kunyumba kwawo, poti amenewo anthu ankawadziwa ndipo analibe manyazi, koma sindikudziwa ngati ankamwa. Tikakumana ankandinyozabe za miyala ya m'thumba, koma ine zobweza zinandithera. Ndinkangowamvetsera mmene akupumira.

Galimoto imene ndinkaiopa inabwera m'mawa wina wa mwezi wotentha, ndikuona ana a kusikelo. Inali pikapu ya paloji. Amene anawabweretsa anati a Lameki anali akukongoletsa keke ya ukwati, ndipo anakhala pansi pa kireti n'kupempha madzi. Amene anapita kukatunga pobwera anapeza atatsamira khoma. Ndinakwera kumbuyo kwa pikapu, ndinaika chomvera pachifuwa, ndinamvetsera nthawi yaitali kuposa mmene kunkafunikira, poti ndinkadziwa kuti ndikadzutsa mutu ndiyenera kulankhula. Panja pa geti Nambewe anali akubwera chothamanga, chitenje chili m'manja.

Mpaka lero sindidziwa, ana anga. Mwina akanapitiriza mapiritsi bwenzi ataona adzukulu awo. Mwina ndikanatsata buku, n'kuwapatsa asipirini yekha popanda piritsi lachilendo, anthu sakanalankhula kwambiri ndipo iwo sakanadzithira mafuta chomwecho. Mwinanso mtima wa kwawo unali ndi tsiku lake, kaya ine ndilembe kaya ndisalembe. Ndamva kuti masiku ano mapiritsi aja akupezeka, ndipo madokotala akukanganabe za oyenera kumwa. Ine ndikamva mkangano umenewo ndimafuna kudziwa ngati m'chipindamo muli wina amene akuganiza za kumene wodwalayo akubwerera akatuluka pageti.

Maliro anakachitikira kumudzi kwawo, kumtunda. Zaka zimenezo tinkaika anthu pafupifupi sabata iliyonse, ndipo mabokosi ambiri ankapepuka ngati mulibe kanthu. Onyamula ankangoyang'anana osanena. La a Lameki kalipentala anachita kukhoma lapadera. Poona nkhope mzere unkayenda pang'onopang'ono, chifukwa aliyense ankaima kuyang'anitsitsa masaya, ndipo ndinaona azimayi ena akugwedezerana mitu. Popita kumanda amuna onyamula ankasinthana pafupipafupi, mapewa akuwawa, ndipo pokwera kachitunda mmodzi analephera kudzigwira. "Koma ndiye ngolemera, abale!" anatero mokweza. Wina kumbuyo anayankha kuti, "Amenewa apita ndi thupi lawo. Si zija ayi." Mawuwo anayenda mumzere wonse mpaka kwa azimayi.

Titabwerako kumanda ndinalowa m'nyumba ya siwa kukamuona mlongo wanga. Anali atakhala pamphasa pakati pa azimayi, mawu atasasa ndi kulira. Atandiona anandikodola, ndipo ndinagwada pafupi. Anandigwira dzanja mwamphamvu, n'kundikokera kuti ndimve ndekha. Ndinkayembekeza kuti andifunsa chifukwa chimene sindinawapulumutse amuna ake.

"Achimwene, munamva onyamula aja?" ananong'ona. "Akuti ngolemera. Anthu aona okha. Ana angawa palibe adzawaloze chala."

M'maso mwake munali misozi, koma nkhope inali ya munthu amene wapuma. Ndinayang'ana ana aja atakhala m'mbali mwa khoma, wamng'ono atagona pamwendo pa mkulu wake.

"Ndinamva, Nambewe," ndinatero. "Analidi olemera."